Dzimbiri si zaka: kudziwa msinkhu wa puleni, sowo, sipanala ndi khasu lakale

Kuno ku Mangochi zida zakale sizisowa ayi, kungoti sitiziona chifukwa zambiri zikugwirabe ntchito. Pitani m'mashedi mwa akalipentala kufupi ndi msika, kapena kwa anthu okhoma maboti m'mbali mwa Shire, kapena kuja amagula zitsulo zakutha pa sikelo, mukapeza puleni yoti inayamba kupala matabwa dziko lino likadali Nyasaland ili pamulu umodzi ndi ina ya ku India ya zaka khumi zapitazo, zonse zofiira ndi dzimbiri mofanana. Nde munthu amene wayamba kutolera zinthuzi amafunsa kuti ndidziwa bwanji kuti ichi nchakale zenizeni, ndipo chinapangidwa liti.

Choyamba chotsani m'mutu maganizo oti dzimbiri likuuzani zaka. Kuno kumatentha komanso chinyontho cha kunyanja nchambiri, sipanala yatsopano mukaiiwala m'boti dzinja limodzi lokha imatuluka yooneka ya makedzana, pomwe tchizulo choti mkulu wina wakhala akuchipukuta ndi mafuta tsiku ndi tsiku kwa zaka 60 chimakhala chosalala, chakuda bwinobwino, chopanda dzimbiri olo pang'ono. Mpini kapena handulo nayonso musaikhulupirire kwambiri. Chiswe chimadya, handulo imathyoka, mmisiri amasema ina ya mlombwa nkuikapo, ntchito nkumapitirira. Chomwe timawerenga ndi chitsulo chenichenicho: zolemba zomwe fakitale inadinda, kapangidwe kake, ndi mtundu wa masikuluwu ndi manati.

Muzidziwanso njira zomwe zidazi zinafikira kuno chifukwa zimathandiza kuganiza bwino. Boma la atsamunda linakhazikitsa Fort Johnston, yomwe lero ndi Mangochi, mu 1891, ndipo tauni yathuyi inali doko, masitima amachokera pano kupita kumtunda kwa nyanja. Kampani ya African Lakes, ija timati Mandala, inayambira ku Glasgow mu 1878. Sitima ya amishoni a Angilikani a UMCA yotchedwa Chauncy Maples inapangidwanso ku Glasgow, inabwera zidutswazidutswa nkudzalumikizidwa kwa Mponda ndipo inalowa m'madzi mu 1901, ndipo ku Malindi kunali malo okonzera masitima a mishoni. Ilala inayamba kuyenda mu 1951, ku Monkey Bay nkukhala likulu la ntchito za masitima. Onjezanipo asilikali a KAR obwera kunkhondo, ndi azibambo athu omwe ankapita ku Joni ndi ku Salisbury nkubwerako ndi bokosi la zida. Nchifukwa chake zida zakale zambiri za kuno ndi za ku Britain, makamaka Sheffield, Birmingham ndi Glasgow, kenako za ku South Africa ndi Germany. Za ku America zilipo koma sizichuluka.

Tsopano zolemba. Lamulo lake ndi limodzi ndipo ndikufuna mulimvetse bwino chifukwa anthu amalakwitsa pomwepa: chaka kapena chizindikiro chomwe mwapeza pa chida chimakuuzani kuti chidacho sichingakhale chakale kuposa pamenepo, basi, sichikuuzani kuti chinapangidwa chaka chomwecho. Sowo yolembedwa kuti Spear & Jackson ikhoza kukhala ndi 1760 penapake, koma chimenecho ndi chaka chomwe kampaniyo imawerengera chiyambi chake, sowoyo mwina ndi ya 1965. Chimodzimodzi deti ya patenti, kalata ya boma yoletsa ena kukopera chinthu chomwe munthu watulukira, fakitale imatha kupitiriza kudinda deti yomweyo kwa zaka zambiri.

Dzina la dziko limathandiza kwambiri. Britain inakhazikitsa lamulo mu 1887 lomwe linachititsa kuti katundu wochokera kunja azilembedwa kumene wachokera, ndipo mawu oti Made in Germany anafala kuchokera pamenepo, America nayo inayamba kufuna zomwezo kuyambira 1891. Chida cholembedwa West Germany kapena W. Germany ndi chapakati pa 1949 ndi 1990. Cholembedwa Rhodesia ndi cha 1980 isanafike. Mukaona Rd No kutsogolo kwa nambala, imeneyo ndi nambala yolembetsera kapangidwe ka chinthu ku Britain ndipo dongosolo limeneli linayamba mu 1884, pofika 1900 manambala anali atafika cha m'ma 350,000, nde nambala yaing'ono kuposa pamenepo ikutanthauza kuti kapangidweko kanalembetsedwa m'zaka za m'ma 1800. Palinso kachizindikiro kokhala ndi timizere titatu tokumana pamwamba, kooneka mutu wa muvi. Kameneko ndi ka katundu wa boma la Britain makamaka wa asilikali, ndipo ubwino wake nthawi zambiri pambali pake pamakhala chaka chenicheni, 1943, 1944, chonchi. Apa pokha ndi pomwe chaka mungachitenge mmene chalembedwera.

Puleni ndi yomwe imakoma kuifufuza chifukwa ili ndi tizigawo tambiri ndipo kalikonse kanasintha nthawi yake. Tiyambe ndi za chitsulo za Stanley. Kampaniyi ndi ya ku New Britain ku Connecticut, inagula mapatenti a Leonard Bailey mu 1869, nchifukwa chake pa mapuleni ambiri pamalembedwa BAILEY kutsogolo. Chotsani mpeni ndi chitsulo chopanira chija, muyang'ane pa thupi kuseri kwa kachitsulo kopendekeka komwe mpeni umagonapo, kutsogolo kwa handulo yakumbuyo. Ngati pali madeti awiri, MAR-25-02 ndi AUG-19-02, puleniyo ndi yapakati pa 1902 ndi 1909. Ngati alipo atatu, kuonjezapo APR-19-10, ndi yapakati pa 1910 ndi 1924, nde apa muyang'anenso kachigwiriro kozungulira kakutsogolo, kakakhala kakafupi kophwatalala ndi ya 1919 isanafike, kakakhala kakatali ndi yapambuyo pake. Deti imodzi yokha ya APR-19-10 ndi cha m'ma 1925 mpaka 1930. Kachitsulo kaja timakankhira uku ndi uku kuti mpeni uwongoke kanayamba mu 1885, puleni ya Stanley yopanda malo ake enieni oikapo kachitsuloka ndi yakale kwambiri, koma onetsetsani kuti sikanangothyoka, kakathyoka kamasiya bowo la riveti. Pa mpeni penipeni mukaona mtima wokhala ndi zilembo S.W. mkati, ndi wa kuyambira 1920 mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1930. Bowo la pa chitsulo chopanira mpeni poyamba linali looneka bowo la kiyi, cha mu 1933 analisintha nkukhala lopindika. Ndipo za nthawi ya nkhondo, 1942 mpaka 1945, kagudumu kosinthira mpeni sikakhala ka mkuwa ayi, kamakhala ka chitsulo kapena ka labala lolimba chifukwa mkuwa unkapita kunkhondo.

Koma apa ndiyenera kukuchenjezani, ndipo ndi pomwe ambiri owerenga pa intaneti amasochera. Zonse ndanenazi ndi za Stanley wa ku America. Mapuleni ambiri a Stanley omwe ali kuno alembedwa Made in England, ndipo Stanley inayamba kupanga ku Sheffield mu 1937 itagula kampani ya J.A. Chapman. Nde olo ioneke yakale bwanji, ikangolembedwa Made in England singakhale ya 1937 isanafike, ndipo matebulo a madeti a ku America aja sagwira ntchito pa iyo. Pa za ku England mumangoyendera zinthu zikuluzikulu: handulo ya mtengo ndi kagudumu ka mkuwa ndiye zoyambirira, handulo ya pulasitiki ndiye zaposachedwa. Record, ija yabuluu, ndi ya C & J Hampton ku Sheffield komweko, anayamba mapuleni mu 1931 ndipo manambala awo amayamba ndi ziro, 04, 05, 07. Ine ndimaikonda Record yakale kuposa Stanley wa ku England wa zaka zam'mbuyomu, chitsulo chake nchabwino ndipo imakhazikika pa thabwa. Zilipo zina za Anant za ku India zomwe anatengera kapangidwe komweko, zimagwira ntchito ndithu koma si za kale.

Vuto lina la kuno ndi loti puleni imodzi imakhala ndi ziwalo za mapuleni atatu. Mpeni umatha ndi kunola, mmisiri amagula wina kapena kuchotsa pa puleni yakufa, chopanira chikasweka amatenga cha Record nkuika pa Stanley, handulo anasema yekha. Ine sindiona ngati chimenechi nchoipa, chikungoonetsa kuti chidacho chadyetsa mabanja, koma pofuna zaka muwerenge thupi lenilenilo, osati mpeni. Mpeni wa S.W. pa thupi la Made in England sukupangitsa puleniyo kukhala ya 1925.

Mapuleni a mtengo anthu amangoti akakhala a mtengo ndiye akale kuposa a chitsulo, zomwe si zoona nthawi zonse chifukwa ku Britain anapitiriza kuwapanga mpaka cha m'ma 1960. Dzina la wopanga limakhala kumaso kwake, pa nsonga yakutsogolo, ndipo pomwepo mupezanso maina a eni ake omwe ankadinda, nthawi zina awiri atatu wina pamwamba pa mnzake. Mpeni nthawi zambiri ndi wa kampani ina, Marples wokhala ndi timasamba titatu, Robert Sorby wokhala ndi kangaroo, kapena Ward. Pali chizindikiro chimodzi chomwe kuno kwathu chingasokoneze munthu mosavuta: mwezi ndi nyenyezi. Poti kuno Asilamu ndi ambiri ndipo mbiri ya malonda ndi Kilwa ndi Zanzibar tonse timaidziwa, munthu akhoza kuganiza kuti chida chotere chinabwera ndi Aluya kapena Aswahili. Ayi, werengani zilembo zomwe zili pambali, kawirikawiri ndi Alexander Mathieson & Son wa ku Glasgow, chimenecho chinali chizindikiro chawo, ndipo poona mmene Glasgow inalumikizirana ndi dziko lino kudzera mwa Mandala ndi amishoni sizodabwitsa kuchipeza kuno. Kampani ya Mathieson inagulidwa ndi ina ya ku Sheffield kumapeto kwa zaka za m'ma 1950.

Sowo muyang'ane zinthu zitatu. Handulo yakale inkasemedwa mokongola, yokhala ndi timakona topindika bwino ndipo imakwana m'dzanja, zaposachedwa zimakhala zongodula mwachangu. Manati akale kwambiri ndi ophwatalala ofanana ndi thabwa la handulo, okhala ndi mpata wogawika pakati woti sikuludalaivala wamba sangamasule, ku America anayamba kuwasiya m'ma 1870 koma ku Britain anapitirira nawo kwa nthawi ndithu. Chachitatu ndi kabatani kakakulu ka mkuwa ka pa handulo. Pa sowo za kampani ya banja la Disston ya ku Philadelphia, mawu oti & Son ndi a 1865 mpaka 1871, & Sons ndi kuyambira 1871, ndipo banjalo linagulitsa kampani kwa H.K. Porter mu 1955. Kabatani kolembedwa Warranted Superior si dzina la kampani, makampani ambiri ankakagwiritsa ntchito, dzina lenileni mulifufuze pa chitsulo cha sowo. Sowo ya mano akuda kunsonga osatheka kunola ndi tupa ndi yamakono, imeneyo isiyeni.

Masipanala ndi omwe amapezeka kwambiri, makamaka mbali ya Monkey Bay ndi m'zigayo zakale za injini za Lister. Mukapeza sipanala yolembedwa 1/2 W koma kukamwa kwake nkwakukulu pafupifupi mamilimita 23, musadabwe, ndi ya muyezo wa Whitworth umene Joseph Whitworth anayambitsa mu 1841, nambalayo ikunena kunenepa kwa bawuti osati kukula kwa mutu wake. Yolembedwa miyezo iwiri mbali imodzi, mwachitsanzo 1/2 W ndi 9/16 BSF, singakhale ya 1908 isanafike chifukwa BSF, muyezo wina wa mabawuti a ku Britain, inayamba chaka chimenecho. Zolembedwa AF, zomwe nambala yake ikunena kukula kwa mutu wa bawuti, zinafala nkhondo yachiwiri itatha, za mamilimita pa zida za ku Britain ndi zapambuyo kwambiri. Maina abwino ndi King Dick, Britool, Gedore ya ku Germany yomwe inayamba mu 1919, ndi Bahco ya ku Sweden pa zija zosintha kukamwa. Koma kunena zoona masipanala a Whitworth anapangidwa ochuluka zedi ndipo anagwira ntchito pa Land Rover mpaka zaka za ufulu, ambiri ndi a m'ma 1940 mpaka 1960, si a nthawi yomwe Fort Johnston inkakhazikitsidwa ayi.

Tsopano tibwere pa zomwe ine ndimaziona kuti nzofunika kuposa zonsezi, zida zosula anthu athu: khasu, nkhwangwa, sompho yosemera bwato, kasemasema, mikondo, mipeni. Izi zilibe dzina, zilibe deti, palibe tebulo la pa intaneti lomwe lingakuthandizeni, komabe ndi zomwe zili ndi mbiri yaitali. Ku Nkope konkuno, katswiri wofukula zakale K.R. Robinson anafukula malo a anthu omwe ankadziwa kale chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo, mpaka mtundu wa mbiya za nthawi imeneyo akatswiri amautchula dzina la Nkope. Ndipo Yohanna Abdallah m'buku lake la mbiri ya Ayao la mu 1919 anafotokoza za Achisi, osula zitsulo omwe ankayenda mitunda akugulitsa makasu, malonda akutali a Ayao aja mizu yake ina ili pa khasu.

Nde funso lalikulu pa chida chosula ndi loti chitsulo chake chinachokera kuti, m'ng'anjo kapena pa galimoto yakufa. Chitsulo cha m'ng'anjo sichinkasungunuka nkukhala madzi ayi, chinkatuluka chibuma chosakanikirana ndi zinyalala za mwala, wosula nkumachiwotcha pa chipala ndi mvukuto, kumenya, kupinda, kumenyanso mpaka zinyalala zambiri zitatuluka, koma zina zinkatsalira mkati nkutambasuka motsatira kumenya kuja. Chikadyeka ndi dzimbiri chimaonetsa mitsitsi yoyenda mbali imodzi ngati nzimbe yotafuna kale, ndipo mukhoza kuona mzere pomwe zidutswa ziwiri anazilumikiza ndi moto ndi nyundo. Makulidwe ake sakhala ofanana paliponse. Pomwe nkhwangwa kapena sompho yosula kuchokera ku sipuling'i ya galimoto, zomwe osula athu akuchita mpaka lero, chitsulo chake nchofanana ponseponse, dzimbiri limangoboola timaenje osati mitsitsi, nthawi zina kumsuka kumatsala makulidwe enieni a sipuling'i kapena kambali ka bowo la bawuti, ndipo tupa imavutika kuchidya. Pofika m'ma 1930 ng'anjo zambiri m'dziko muno zinali zitazima chifukwa makasu a m'sitolo ndi zitsulo zakutha zinachuluka, nde chida chomwe mwatsimikiza kuti ndi cha m'ng'anjo mukhoza kunena kuti mwina chaposa zaka 90. Ndikuti mwina chifukwa chitsulo chakale cha ku Ulaya, cha maunyolo, anangula ndi zina za masitima, nachonso chimakhala ndi mitsitsi yomweyo, ndipo kuno kudoko osula ankatha kuchipeza. Zowotcherera ndi magetsi kapena mizere ya gilayinda ndiye zimadziulula zokha kuti dzanja laposachedwa lapitapo.

Makasu a fakitale amakhala ndi chidindo pafupi ndi msuka ngati sichinafufutike ndi dothi. Ng'ona ili pa makasu a Chillington a ku Wolverhampton, ilinso pa zikwanje za Martindale wa ku Birmingham, ndipo makasu ena ankapangidwa ku Blantyre konkuno ndi Agrimal, pomwe okhala ndi chidindo cha tambala amachokera ku China. Zizindikiro zimenezi zakhala zikudindidwa kwa zaka zambirimbiri mpaka posachedwa, nde ng'ona payokha sikupatsani chaka.

Pa zida zosulazi umboni wamphamvu ndi pakamwa pa anthu. Mukamagula sompho kwa agogo ku Makanjira kapena ku Namwera, khalani pansi mufunse mwaulemu: agogo, iyi anasula ndani, munaipeza kwa bambo anu kapena kwa amalume, nthawi imeneyo munali mutakwatira, inali njala ya 1949 isanachitike kapena itapita, Kamuzu anali atabwera? Achikulire sakuuzani chaka koma akuuzani chochitika, inu nkuwerengera nokha. Lembani zonsezo pa kapepala, dzina la mudzi, mfumu yake, ntchito yomwe chinkagwira, nkumangirira pa chidacho tsiku lomwelo. Ndipo alipireni bwino, osapezerapo mwayi poti iwo akuchiona ngati chitsulo chakutha. Ngati akuchigwiritsabe ntchito ine ndimaona kuti ndi bwino kungojambula ndi foni nkuwasiyira.

Kutsuka ndi komwe kumaononga zinthu zambiri kuposa dzimbiri lenilenilo. Chonde gilayinda ayi, sandipepa wokhakhala ayi, asidi wa batire ayi. Zolemba za pa sowo zambiri sizinadindidwe mozama, zili pamwamba penipeni, mukangopalapo mwamphamvu zapita ndipo sizibweranso, olo viniga amene ena amalimbikitsa amazidya nkusiya chitsulo chotuwa. Thirani parafini, musiye usiku umodzi, mupukute pang'onopang'ono ndi sitiliwulu yofewa, kenako kansalu ka mafuta. Pofuna kuwerenga zilembo zofufutika pakanipo choko nkupukuta pamwamba kuti chitsalire m'mizere, kapena muunike ndi tochi ya foni kuchokera m'mbali muli mumdima, zilembo zimadzuka. Utoto wakale wakuda kapena wabuluu ukatsalako olo theka musaupentenso. Sikuluwu ikakana kumasuka musaikakamize, thupi la puleni ndi chitsulo chothira mu chikombole, chimasweka osati kupindika.

Za mtengo wake musayembekezere zambiri. Stanley nambala 4 ndi 5 anapangidwa mamiliyoni, olo ya zaka 80 si yosowa, yosowa ndi monga nambala 1 kakang'onong'ono kaja, ndipo poti nkodula anthu ena kunja amapanga zabodza zake. Kunonso mukaona mulu wa mikondo kapena nkhwangwa zofanana ndendende, dzimbiri lake lofiira lofanana lothothoka m'manja, zikugulitsidwa kumalo ofika alendo, dziwani kuti kukwirira chitsulo m'dothi lonyowa kwa masabata ochepa kumabweretsa maonekedwe amenewo. Dzimbiri lakale limakhala lakuda, lolimba, lomamatira, ndipo pomwe dzanja linkagwira pamakhala posalala.

Zomwe mwazipeza pansi polima kapena pokumba maziko, makamaka zikakhala pamodzi ndi mapale, mikanda, mafupa kapena zibuma zakuda za m'ng'anjo, zimenezo ndi nkhani ina. Musazitsuke, musazimwaze, chifukwa akatswiri amapeza zaka kuchokera ku makala ndi mapale omwe ali pamalopo, khasu likachotsedwa pamenepo umboni wonse watha. Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zotere ndipo kuzitulutsa kunja kwa dziko popanda chilolezo ndi mlandu. Jambulani zili pomwepo, uzani amfumu, kenako kanenani ku Lake Malawi Museum pa boma pompa pafupi ndi wotchi ya Queen Victoria, iwowo adzadziwa oyenera kuwaitana.